Tsankho Limamera Pati?

Inu ophunzira amene posachedwapa mukhale mukugwira choko m'sukulu zathu, mwandipempha kuti ndilankhule za tsankho ndi komwe limachokera. Nkhani yotere ndi yosavuta kuikamba m'malere, aliyense n'kumagwedeza mutu, kenako n'kubalalika popanda chosintha. Choncho ndasankha nkhani imodzi ya pakhomo pathu pompano, ya abale athu achialubino. Zimene akatswiri a maganizo a munthu adapeza kumaiko akutali ndizitchula ndithu, koma tiziyesa pa nkhani imeneyi, tione pomwe zikukwana ndi pomwe zikuperewera.

M'mwezi wa Marichi 2018, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa ku Machinga, MacDonald Masambuka, adasowa. Patapita masabata angapo mtembo wake udapezeka utakwiriridwa, ziwalo zina zitachotsedwa. Mu 2022 khoti lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayi. Pakati pawo padali wapolisi, wachipatala, wansembe, ndi mchimwene wake wa malemuyo. Nyambo imene adamukopera idali yoti amupezera mkazi woti amange naye banja.

Tikamva zoterezi timathamangira kunena kuti ndi umbuli. Koma taonaninso anthu ndatchulawo. Wansembe amakhala zaka zambiri ku seminale. Wachipatala amadziwa bwino lomwe kuti fupa la munthu wachialubino ndi fupa ngati la wina aliyense, mulibe golide, mulibe chizimba. Wapolisi amadziwa lamulo, ndiye ntchito yake. Ndipo mchimwene uja sitinganene kuti sankamudziwa MacDonald, adali magazi ake. Ngati sukulu, tchalitchi, lamulo ndi ubale, zonse zinayi, zidalephera kumuteteza tsiku limenelo, ndiye kuti mawu akuti umbuli sakukwanira. Tikumbe pansi pake.

Tiyambe ndi khanda. Mu 2005 ofufuza ena ku Britain adaonetsa makanda zithunzi za nkhope za anthu a mitundu yosiyanasiyana, n'kumayeza kuti maso a mwanayo akukhalitsa pa nkhope iti. Khanda la masiku ochepa silidasankhe, nkhope iliyonse idali nkhope basi. Pofika miyezi itatu, makanda ankayang'anitsitsa kwambiri nkhope za mtundu wa anthu amene akuwalera. Chaka chotsatira ofufuza ena adachita zofananazo ku Israel ndi ku Ethiopia, ndipo adapeza chinthu chofunika: makanda a makolo a ku Ethiopia amene ankakulira ku Israel, akuona akuda ndi oyera omwe tsiku ndi tsiku, sankasankha mbali. Mwana tsono sabadwa akudana ndi munthu. Chimene amabadwa nacho ndi mtima wokhazikika pa chozolowereka, ndi bongo wofulumira kuika zinthu m'magulu: ichi n'chodyedwa, icho chimaluma, uyu ndi wakwathu, uyo ndi mlendo. Bongo wotere ndi wothandiza, popanda iwo sitikadatha ngakhale kuoloka msewu. Vuto limayamba magulu aja akasanduka "ife" ndi "iwo".

Amene adafufuza zimenezi mozama ndi Henri Tajfel, Myuda wobadwira ku Poland. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, adabwerako ku ukaidi n'kupeza kuti pafupifupi abale ake onse adaphedwa ndi chipani cha Nazi, ndipo moyo wake wonse adaupereka pofuna kumvetsa momwe anthu amafikira pamenepo. Cha m'ma 1970, ali pa yunivesite ya Bristol, adatenga anyamata a zaka 14 ndi 15 a sukulu imodzi, adawaonetsa zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri awiri, Klee ndi Kandinsky, n'kuuza aliyense payekha kuti iwe uli m'gulu la Klee, iwe la Kandinsky. Kunena zoona magulu aja adangowagawa mwachisawawa. Mnyamata sankadziwa amene ali naye gulu limodzi, ankangoona manambala papepala. Kenako adawapatsa ntchito yogawira anzawo timapointi toimira ndalama, iwo eni osapindulapo kanthu. Anyamatawo adakondera a gulu lawo. Choopsa kwambiri n'chakuti pamene padali mwayi wopatsa wakwawo 19 ndi wa gulu linalo 25, ambiri adapendekera ku manambala ochepa, bola wakwawo apose mnzakeyo. Adalolera kuti wawo alandire zochepa kusiyana n'kuti onse apate zambiri koma winayo n'kukhala pamwamba.

Panalibe mkangano wa malo, panalibe mbiri ya makolo, panalibe ngakhale nkhope yoti aida. Dzina la gulu lokha lidakwanira. Tajfel adafotokoza kuti munthu amatenga mbali ina ya ulemu wake ku gulu limene ali, choncho gulu lake likaoneka lapamwamba nayenso amadzimva kukula. Izi mumaziona nokha tsiku la Bullets ndi Wanderers, ndipo pabwalo la mpira zilibe vuto lalikulu.

Koma apa pali malire, ndipo ndikufuna muwagwire. Kukonda akwanu sikudana ndi ena. Anyamata a ku Bristol adakondera, sadaphe munthu. Kuti kukondera kufike podula munthu manja, pamafunika chinthu china chimene bongo paokha supereka. Pamafunika wamkulu woti auze mwana tanthauzo la kusiyanako.

Pa 5 Epulo 1968, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Martin Luther King Jr., mphunzitsi wina wa m'tauni yaing'ono ya Riceville ku Iowa, Jane Elliott, adagawa ana ake a zaka pafupifupi 8 potengera mtundu wa maso awo. Onse adali azungu, onse adali oseweretsana dzulo lake. Adawauza kuti a maso a mtundu uwu ndi anzeru ndi aukhondo, enawo ndi ogona, ndipo adawapatsa oyambawo mwayi woposa anzawo. Dzuwa lisanalowe, mtundu wa maso udasanduka chitonzo, ana adayambana, ndipo ena amene ankakhoza bwino adayamba kulephera ntchito zosavuta. Atasinthanitsa maguluwo, zotsatira zake zidasinthanso. Sindikukuuzani kuti mukayese zimenezi m'kalasi mwanu, zimapweteka ana. Ndikungofuna muone mphamvu ya munthu woimirira kutsogolo. Mtundu wa maso ana aja ankauona masiku onse ndipo sudawavutepo, mpaka mphunzitsi adaupatsa tanthauzo.

Tsopano tibwere kumudzi kwathu, tione chimene mwana amamva asanayambe n'komwe sitandade 1. Akuyenda ndi azakhali ake oyembekezera, akumana ndi munthu wachialubino panjira, azakhali atembenuka n'kulavulira malovu m'malaya kuti mwana wam'mimba asatengere. Palibe amene walankhula mawu achipongwe, koma mwana waona. Pachitsime amva dzina lakuti napwere, kumsika amva lakuti mzungudala, ndipo akuluakulu akuseka. Madzulo pamoto amva kuti anthu amenewa samwalira, amangosowa. Bodza limeneli ndiimapo pang'ono, chifukwa ine ndimaliona loipitsitsa kuposa onse. Munthu amene samwalira sakhala ndi maliro. Palibe siwa, palibe adzukulu, palibe manda oti mbumba ikasese. Pachikhalidwe chathu maliro ndiwo umboni womaliza wakuti uyu adali mmodzi wa ife, ndipo ngakhale munthu amene mudayambana naye mumapita kukamuika. Mukamuchotsa munthu pamndandanda wa oyenera kuliridwa, mwamuchotsa pagulu la anthu akadali moyo. Ndiponso bodzali limagwira ntchito ina: tsiku limene wasowadi, atabedwa usiku, mudzi uli kale ndi yankho, ndipo ofunsa amachepa.

Gordon Allport wa ku yunivesite ya Harvard, m'buku lake la mu 1954 lotchedwa The Nature of Prejudice, adalongosola kuti tsankho limakwera pang'onopang'ono. Limayamba ndi zolankhula, nthabwala ndi maina onyoza. Kenako anthu amayamba kupewa, osakhala naye mphasa imodzi, osadya naye mbale imodzi. Kenako amamumana zomuyenera, sukulu, ntchito, banja. Kumenya ndi kupha zimabwera kumapeto. Sikuti aliyense woseka adzapha, ayi. Koma wakupha amadalira oseka aja, chifukwa ndiwo adamukonzera malo. Ku Rwanda mu 1994, anthu pafupifupi 800,000 asanaphedwe m'masiku 100, wailesi ya RTLM idakhala ikutchula Atutsi kuti mphemvu. Alimi muli pano mukumudziwa kaufiti: pamene kaduwa kake kakuonekera pamzere, amakhala atayamwa kale mizu ya chimanga pansi kwa masabata ambiri. Zimene tidayamba kuwerenga m'nyuzipepala kuyambira kumapeto kwa 2014 kadali kaduwako. Bungwe la Amnesty International lidalemba mu Juni 2016 kuti kuchokera mu Novembala 2014 anthu achialubino osachepera 18 adali ataphedwa m'Malawi, ndipo ena asanu adali atabedwa osapezekanso.

Taganizaninso za nyambo ija. Adamuuza kuti tapeza mkazi. Okonza chiwembuwo ankadziwa pamene pali bala. Mnyamata wachialubino amakula akumva kuti palibe angamulole, ndipo mtsikana wachialubino amakula akusakidwa ndi amuna okhulupirira bodza lakuti kugona naye kumachiza Edzi. Kumanidwa banja kuja, kumene ambiri amakuona ngati nkhani yaing'ono, ndiko kudatsekula chitseko.

M'banja momwemo tsankho limayamba tsiku lobadwa mwana. Bambo afika kuchipatala, asuzumira m'nsalu, nkhope isintha. Achibale akuchimuna ayamba kunong'ona kuti kumtundu kwathu kulibe zotere, mayiyu adayenda ndi mzungu, kapena adalakwira mizimu. Mabanja ambiri athera pamenepo. Chikhalirecho nkhaniyi ndi yosavuta kuifotokoza. Khungu, tsitsi ndi maso zimatenga mtundu wake ku chinthu chotchedwa melanini. Malangizo opangira melanini mwana amalandira kawiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Munthu akhoza kukhala wakuda bii koma atanyamula malangizo amodzi osagwira ntchito, iye osadziwa. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire osagwira ntchitowo mbali zonse ziwiri, ndipo ameneyo ndiye amabadwa wachialubino. Bambo wothawayo ndiye kuti theka la nkhaniyo ali nalo m'thupi mwake. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo onyamula mosadziwa ndi ochuluka kuposa pamenepo kutalitali. M'holo muno tilimo angapo.

Nanga umphawi uli pati pankhaniyi? Uli pomwepo, koma tiuike pamalo pake. Chaka cha 2016 chidali cha njala yoopsa, boma lidalengeza m'mwezi wa Epulo kuti dziko lili pangozi, ndipo mwezi womwewo anthu anayi achialubino adaphedwa. Mu Januwale chaka chomwecho, ku Neno, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'dera lawo mphezi itapha mtsikana, powaganizira ufiti. Mtima wa munthu suvomera msanga kuti tsoka langobwera lokha. Umafuna wina woti umuloze chala, ndipo mvula, mtengo wa feteleza kapena mphezi sizigwirika ndi manja. Koma njala sisankha woti aphedwe. Imapeza atasankhidwa kale. Mkwiyo umatsikira kwa amene mudzi udamuika kale kunja kwa mpanda, amene alibe omubwezera: nkhalamba yamasiye, mlendo, mwana wachialubino. Kenako pamabwera odyerapo, sing'anga wolonjeza chuma ndi mwayi, ndi wamalonda wonong'oneza za mamiliyoni. Pofika poti anyamata pamsika akuona munthu akudutsa n'kumakuwa kuti ndalama izo zikuyenda, munthu uja wasanduka katundu m'maso mwawo.

Ife Amalawi zimenezi tikuzidziwa kuchokera mbali inayo. Mu Meyi 2008 ku South Africa anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zolimbana ndi obwera, ndipo mu 2015 boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa ku Durban. Kumeneko ndife makwerekwere, olanda ntchito. Timadandaula, ndipo m'pake. Komatu tikabwerera kuno, lilime lomwelo limanena kuti Maburundi atilanda malonda. Malo amene munthu waima ndiwo amasintha, kaganizidwe kake n'kamodzimodzi.

Tsopano funso limene ndikudziwa kuti mukulidikira: mankhwala ake n'chiyani? Yankho lotchuka ndi lakuti anthu adziwane. Allport yemwe uja ndiye adalitchukitsa, ndipo mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp, atasonkhanitsa kafukufuku 515, adapeza kuti kukumana kwa magulu kumachepetsadi tsankho nthawi zambiri. Koma Allport adachenjeza kuti kukumana kumagwira bwino ntchito pamene anthuwo akumana ngati ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana, ndipo akuluakulu ndi malamulo ali kumbuyo kwawo. Nkhani ya ku Machinga ikutikumbutsa chenjezo limeneli mowawa. Ambiri mwa amene agwidwa pa milandu yotere si alendo, ndi amalume, abambo opeza, oyandikana nawo nyumba. Mutha kukhala ndi munthu khomo limodzi zaka 20 muli kumuona ngati mtolo kapena ngati chuma chosungidwa. Kuyandikana kotere sikuchiza kanthu.

Mu 1954 Muzafer Sherif ndi anzake adatengera anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kumalo ochitirako msasa a Robbers Cave ku Oklahoma. Adawagawa pawiri, n'kuwapikisanitsa pamasewera okhala ndi mphoto. Posakhalitsa adayamba kutukwanana, kuotcherana mbendera ndi kuthyolerana zipinda usiku. Ofufuzawo adayesa kuwayanjanitsa powaika pamodzi pa chakudya ndi pa kanema, koma zidathera kugendana ndi zakudyazo. Zinthu zidasintha pamene madzi akumwa adasiya kutuluka ndipo onse adayenera kufufuza chavuta, ndi pamene galimoto yokatenga chakudya idakana kulira onse n'kuikoka ndi chingwe chimodzi. Pobwerera kwawo adapempha okha kukwera basi imodzi. Pali mbali ina ya nkhaniyi imene mabuku ambiri amaidumpha. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1953, Sherif adayesapo zomwezi ndi anyamata ena ndipo zidakanika, chifukwa anawo adali atapalana kale ubwenzi, adazindikira kuti akuluakulu ndi amene akusonkhezera moto, ndipo adakana kudana. Ine ndimaona kuti kafukufuku wolepherekayo akutiphunzitsa zambiri ngati wopambana uja.

Lamulo nalo lili ndi gawo lake. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango pa milandu yokhudza anthu achialubino ndi yopezeka ndi ziwalo za munthu. Ena amati lamulo silisintha mtima. Koma limasintha chimene anthu amachiona ngati chovomerezeka, ndipo ana amakula akuona chimenecho. Mu 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota adasankha Overstone Kondowe, amene adatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, kukhala phungu wawo, munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Anthu akumudzi adaima pamzere n'kunena kuti uyu akatilankhulire. Kumeneko ndiko kudalirana kumene Allport ankanena, ndipo n'kosiyana kwambiri ndi chisoni.

Chisoni ndichitchule, pakuti inu aphunzitsi ndicho chidzakuyeseni kwambiri. Simudzamunyoza mwana wachialubino, ndikukhulupirira. Koma mudzafuna kumumvera chisoni, kumuchotsa pa ntchito zonse, kumusiya pakona kuti asavutike, ndipo anzake adzaphunzira kwa inu kuti ameneyu ndi wosungidwa chabe, wosadaliridwa. Taonani mwanayo bwinobwino m'kalasi la ana 100. Wakhala kumbuyo chifukwa kutsogolo amamuseka. Buku waligunditsa pamphuno, mutu waupendeketsa, maso akugwedezeka uku ndi uku. Mwalemba pabolodi ndi choko chofufuma, dzuwa likuwala pawindo, iye sakuona kanthu, ndipo akukopera kwa mnzake, zolakwa ndi zolondola zomwe. Pakutha pa teremu wakhala nambala yakumapeto, ndipo aliyense akuti tidanena kale, anthu amenewa mitu yawo sigwira. Chikhalirecho chialubino chimafooketsa maso, nzeru sichizikhudza. Umu ndi momwe tsankho limadzipangira umboni wake: timamumana munthu mwayi, akalephera timati taonani.

Panja napo n'chimodzimodzi. Asembule yatalika, dzuwa la Okutobala lakwera, ndipo wina wamuvula chipewa chifukwa si mbali ya yunifolomu. Palibe amene wamuda mwanayo, angotsata lamulo la sukulu. Koma khungu lopanda melanini limapsa, zilonda zimayamba pakhosi, m'makutu ndi pamilomo, ndipo khansa ya pakhungu imapha anthu achialubino ambiri kuposa zigawenga zonse zija kuziphatikiza. Imfa zimenezi sizifika pawailesi, ndipo palibe amene amamangidwa.

Choncho mukakafika kusukulu kumene akutumizeni, mwana ameneyu mukamukhazike kutsogolo, mbali yopanda kuwala kwa windo, ndipo muzimulola kunyamuka kukayang'ana pabolodi pafupi. Muzilemba zilembo zikuluzikulu ndi kutchula mokweza zimene mukulemba. Pamayeso mukamukonzere pepala la zilembo zazikulu. Mukakambirane ndi ahedi kuti chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali zikhale yunifolomu yake, ndipo mukafunse makolo ngati akulandira mafuta oteteza khungu kuchipatala. Mukadziwe amene amayenda naye popita ndi pobwera. Dzina lonyoza likamveka koyamba mukalithetse pomwepo, kalasi lonse likumva. Ndipo pogawa ntchito za m'magulu, mukamupatse gawo limene gulu silingamalize popanda iye: ngati amakhoza masamu, iyeyo ndiye asunge ziwerengero, ngati ali ndi mawu, iyeyo ndiye akafotokozere kalasi zimene gulu lapeza. Phunziro la momwe mwana amatengera maonekedwe kwa mayi ndi bambo mukaliphunzitsenso pamsonkhano wa makolo, abambo ali pomwepo.